Mphindi Ziwiri pa Thandala

Area 25, Lilongwe
2 Ogasiti 2023

Achemwali anga a Nafisa,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko, inuyo, amayi, alamu anga a Twaibu ndi ana? Ine ndili bwino, Alihamudulilahi, kungoti fumbi la mwezi uno landipatsa chimfine.

Ndalemba pepala chifukwa foni yanu sikupezeka. A Abdulkarim a minibasi andiuza kuti inagwera m'beseni la nsomba, ndiye kalatayi ndapatsira iwo omwewo.

Ndili ndi nkhani yabwino. Kampani ina yosindikiza mabuku a ana yaitana anthu ojambula zithunzi kuti tikabindikire pamodzi masabata awiri, kuyambira Lolemba likubwerali, ndipo dzina langa lilipo. Pomaliza adzasankha ochepa oti ajambule buku latsopano. Ndikadzakhala m'gulu limenelo, basi ndasiyana nazo zolemba zikwangwani za masaluni ndi mabutchala. Malo ake ndi kunja kwa tauni. Akuti mafoni tikapereka kwa otsogolera tsiku lofika, choncho musadabwe ndikakhala chete.

Bondo la amayi lili bwanji? Muwauze kuti ndikudziwa kuti pa Idi sindinabwere, ntchito inachuluka. Ndidzabwera zikatha izi.

Chinanso chaching'ono. Usipa umene amayi amanditumizira, a Abdulkarim asamadzausiyenso ku shopu. Amafika nawo masana makasitomala atadzaza. Azikausiya kwa a landilodi, ndizikautenga ndikaweruka.

Mundipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Hidaya


Senga Bay
5 Ogasiti 2023

Hidaya mng'ono wanga,

Waalaikumu salamu. Kalata yako yafika ndipo ndawawerengera amayi. Tonse tili bwino. Alamu ako akuvutika ndi mwera, maboti sakupita kutali, koma usipa ukutulukabe pang'ono ndipo amayi sajomba ku thandala kukayanika. Bondo likupwetekabe. Ndikawaletsa akuti akakhala pakhomo ndi pamene limapweteka kwambiri.

Za ntchito yakoyo asangalala, akuti azikuchitira duwa, kukupempherera pa swala iliyonse. Koma afunsa kuti kunja kwa tauni ndiye kuti? Dedza? Kasungu? Malowo alibe dzina? Akuti ngati ndi kozizira utenge juzi, chifuwa chako amachidziwa ndi iwo.

Za usipa ndawauza monga unalembera. Anangofunsa ngati a landilodi akowo ali ndi mphaka.

Za Idi usalembenso. Ana anakudikira pamsewu mpaka minibasi zinatha. Kupepesa kwa papepala sakumva, ubwere basi.

Ndine mkulu wako,
Nafisa


Senga Bay
10 Ogasiti 2023

Hidaya,

Salamu. Kalatayi ndapatsira a Yesaya a kabaza kuti akaisiye pa geti la loji imene ukugona. Inde, ndikudziwa kuti uli konkuno. Kunja kwa tauni kuja ndi kwanu kuno, malo oti ukhoza kufika pakhomo wapansi.

Dzulo a Hasina, oyandikana nafe aja amene ankakubereka kumbuyo amayi akapita kunyanja, anabwera ali wefuwefu. Akuti ku thandala kunafika gulu la anthu a m'tauni ndi mapepala ndi mapensulo, ndipo pakati pawo panali iwe. Akuti munawazungulira amayi n'kumawajambula. Akuti iwe unati, "Moni amayi," monga mmene umanenera kwa wogulitsa tomato, amayi n'kuyankha kuti, "Zikomo," basi. Mutatha munapita osatembenuka.

Ine ndinati a Hasina maso akalamba. Amayi atabwera ndinawafunsa. Anayamba atsuka manja nthawi yaitali, kenako anati, "Anali iyeyo. Anali pa ntchito, ndipo mabwana ake anali pomwepo." Chakudya anangochigwiragwira n'kupatsa ana.

Sindikufuna kukuweruza ndisanamve. Mwina akuletsani kulankhula ndi anthu monga anakulandirani mafoni. Ngati ndi choncho, lemba, ndiwauze amayi mtima ukhale pansi. A Yesaya adutsa pa getipo mawa tikatuluka ku swala ya Ijumaa.

Nafisa


Ku loji, Senga Bay
11 Ogasiti 2023

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndawerengera kubafa kuti mnzanga wogona naye chipinda asaone nkhope yanga. Palibe amene anatiletsa kulankhula ndi anthu. Ndikanakonda ndikanakhala ndi lamulo loti ndibisalemo, koma palibe.

Mundilole ndifotokoze kuyambira pachiyambi. Tikubwera, basi itayamba kudutsa m'mathandala, mnyamata wina dzina lake Alex anatseka windo n'kuti, "Koma anthu amakhala bwanji m'fungo limeneli?" Onse anaseka. Inenso ndinaseka. Titafika, aliyense ananena dzina ndi kwawo. Wina anaphunzira zojambula ku yunivesite, wina ku Joni, wina bambo ake ndi dokotala. Itafika nthawi yanga ndinati, "Ndine Hidaya, wa ku Lilongwe." Ndinkadziwa kale kuti tikubwera kuno, n'chifukwa chake sindinakuuzeni dzina la malo. Ndinkaganiza kuti lojiyi ili mbali ina, masabata awiri atha, ndidzabwera kunyumba onse atapita.

Achemwali, malo ngati ano sindinawaonepo. M'mawa uliwonse timakhala mozungulira, mmodzi amakhala pampando pakati, enafe n'kumamujambula. A Molly, amene akutitsogolera, amagwira wotchi. Akamenya botolo ndi supuni, tayamba. Akamenyanso, pensulo pansi, kaya mphuno sunamalize. Poyamba mphindi imodzi, kenako ziwiri, kenako zisanu. Labala ndi yoletsedwa. Akuti nthawi ikachepa, dzanja silipeza mpata wonama. Tikatha timayala mapepala onse pansi n'kumayendayenda kuona. Ena amatuluka mutu ngati dzungu, tonse n'kuseka, mwini wake yemwe. Palibe amene amandifunsa kuti zojambulazi zidzandidyetsa chiyani kapena ndikwatiwa liti. Mayankho, mtsikana wa ku Ntcheu amene ndikugona naye chipinda, anaona mmene ndimajambulira manja a anthu n'kundipempha kuti ndimuphunzitse. Chibadwire palibe anandipemphapo zotere.

Lachitatu a Molly anati tipite kukajambula anthu ali pa ntchito. Sindinadziwe kuti tilowera kwathu mpaka titakhota pa chigayo. Amayi ndinawazindikira ndili patali, mukudziwa mmene amaweramira, dzanja limodzi pa bondo lija. Ndinabisala kumbuyo kwa anzanga. Koma a Molly anapita kwa iwo omwewo kukapempha kuti tiwajambule mphindi ziwiri. Amayi atadzutsa mutu maso awo anagwera pa ine. Anatsegula pakamwa. Ine ndinafulumira kunena moni uja kuti asatchule dzina langa.

Botolo linalira, ndinajambula. Sindikumbuka kuti ndinayang'ana papepala. Chimene chikundichititsa manyazi kwambiri n'chakuti chithunzi chimenecho chinaposa zonse zimene ndinajambulapo.

Tsopano vuto ndi ili. A Molly akufuna chithunzicho chikhale pa chikuto cha buku, koma sangachigwiritse ntchito mwini wake asanalole. Afunsa kale kumene mayiyo amakhala, ndipo akuti Lachitatu likubwerali ndiwaperekeze, poti ndinajambula ndine.

Ndikudziwa kuti chimene ndikupemphachi n'choipa. Tikabwera, chonde musaonetse kuti mukundidziwa. A Molly ndi munthu wodana ndi bodza, akadziwa kuti ndinawanamiza sabata yonse sangandisankhe. Ndi masiku ochepa okha. Akangosankha ndidzawauza ndekha, ndipo ndidzabwera kudzagwada pamaso pa amayi.

Kalatayi musawawerengere yonse.

Hidaya


Senga Bay
13 Ogasiti 2023

Hidaya,

Ndawawerengera yonse. Sindinadumphe ngakhale za windo zija.

Ine zanga ndi zochepa. Fungo limene unaseka ndi limene linakugulira pensulo yoyamba. Lachitatu sundipeza. Ndikutenga ana kupita kwa apongozi ku Maganga. Sindingaime pakhomo pathu n'kumakuyang'ana ngati mlendo, ndipo ana sindingawaphunzitse kuti amayi awo aang'ono akafika asawathamangire. Ndinawauza amayi kuti akane. Sanandimvere. Akuti ndilembe mawu awo monga akunenera, ndiye nawa, sindinasinthe kalikonse.

Mwana wanga Hidaya, asalamu alaikumu. Ndine mayi ako. Ndamva kuti chimfine chinakugwira, uzimwa madzi otentha a mandimu.

Za tsiku lija usadandaule nazo. Ineyo ndi amene ndinachita manyazi. Ndinavala chitenje chantchito chija chong'ambika m'mbali, manja ali mamba okhaokha, mpango nawo wothimbirira. Nditakuona pakati pa anthu ovala bwino aja ndinati, Mulungu wanga, mwanayu ndimuyalutsa. Utanena moni uja mtima unakhala pansi, ndinati wachita nzeru. Ndikanadziwa kuti mukubwera ndikanasamba.

Zimene wapemphazo tichita. A Hasina ndawauza, ndi a pa chigayo, ndi amayi onse a ku thandala. Ndawauza kuti akakuona asakutchule dzina. Ena anafunsa chifukwa, ndinati ndi mmene ntchito za m'tauni zimayendera. Iwe ubwere ndi bwana wako mtima uli m'malo, palibe amene akusokoneze.

Ndingofunsa chimodzi, poti za ntchito yanuyo sindizidziwa. Ndivale zovala za pa Idi, kapena bwanayo akufuna andipeze monga ndinalili pachithunzipo? Ngati akufuna chitenje chong'ambika chija, sindinachitaye.

Ndinakuona kuti waonda m'khosi. Kodi kumeneko akukupatsani chakudya chokwanira?

Mawu awo athera pamenepo. Ine ndilibe chowonjezera.

Nafisa


Area 25, Lilongwe
21 Ogasiti 2023

Achemwali a Nafisa,

Asalamu alaikumu. Ndafika bwino ku Lilongwe. Ndinakudikirani kunyumba Loweruka ndi Lamulungu, koma a Twaibu anati mukadali ku Maganga ndipo simunanene tsiku lobwera. Ndikudziwa kuti amayi sangakuuzeni zonse monga zinachitikira, ndiye ndilembe ndekha.

Kalata yanu ija itafika ndinalephera kujambula. Lolemba lonse mapepala anga anali oyera, ndinanama kuti mutu. Lachiwiri m'mawa inali nthawi yanga yokhala pampando wapakati, mphindi zisanu. Wokhala pamenepo sagwedezeka ndipo sayang'ana munthu, amasankha malo amodzi pakhoma. Mwina n'chifukwa chake ndinatha kulankhula. Ndili chiyang'anire khomalo ndinati, "Mayi amene tinawajambula ku thandala aja ndi amayi anga ondibereka. Kwathu ndi konkuno."

Ndinkayembekeza kuti mapensulo aima. Sanaime. Ndinangomva mawu a Mayankho akuti, "Usagwedeze mutu, nthawi sinakwane." Ndinakhala choncho misozi ikutsika mpaka botolo linalira. Ena misoziyo anaijambula.

Kenako Mayankho anati, "Ambirife timadziwa, Hidaya. Chibwano chimenecho ndi mphumi imeneyo tazijambula m'mawa uliwonse. Titafika ku thandala kuja dzanja linangopita lokha." Anapita kukatenga mapepala ake awiri, la nkhope yanga ndi la nkhope ya amayi, n'kuwayala pamodzi pansi. Panalibe chotsutsa.

Achemwali, ndinkaganiza kuti ndikaulula ndipepukidwa. Koma kudziwa kuti anthu amenewa anandiona ndikupereka moni wachilendo kwa amayi anga, akudziwa, n'kukhala nane sabata yonse osanena kanthu, kunandipweteka kuposa. Ndinafunsa Mayankho chifukwa chake sanandifunse. Anati nkhaniyo inali yanga. Pambuyo pake anandiuza zakenso za kwawo, koma si zanga kuti ndilembe. Alex yekha ndi amene sankadziwa. Anabwera kudzapepesa za windo zija, akuchita chibwibwi, ine n'kumuuza kuti amene anaseka akudziwa kuti mayi ake ali m'fungo lomwelo si iye, ndine.

A Molly sanakalipe. Anangoti, "Mawa tipitabe, ndipo woyamba kulankhula ukhala iwe." Mayankho ndi Alex anati abwera nawo.

Ndinafuna kutumiza uthenga kunyumba kuti zonse zija zatha, koma a Yesaya anali atapita ku maliro ku Chitala. Choncho tinafika amayi asakudziwa.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Pa chigayo, anthu amene anandiona ndikukula anayang'ana kumbali. A Hasina anatilandira pa mpanda n'kuti, "Takulandirani alendo," maso ali pansi. Pakhonde panali potsira bwino, mkeka watsopano. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinaona kuti chithunzi changa cha Fomu 4 chija anachichotsa pakhoma, panangotsala msomali. Amayi anatuluka atavala diresi la pa Idi, koma chitenje chong'ambika chija anachipinda bwinobwino n'kuchiika pambali, kuti mwina chifunika.

Anapereka moni kwa a Molly, kwa Mayankho, kwa Alex. Atafika pa ine anati, "Muli bwanji, amayi?"

Ndinagwada n'kuti, "Amayi, ndawauza. Akudziwa kuti ndine mwana wanu."

Anayang'ana a Molly, n'kuyang'ana a Hasina. Ndikuganiza kuti anayesa ngati bwana akutiyesa. Anaseka pang'ono n'kuti, "Mwina mwandifanizira ndi munthu wina."

A Molly ndi amene anati, "Amayi, tikudziwa. Ndipo ntchito yake siwonongeka chifukwa cha inu."

Amayi anawerama n'kundifunsa chapansipansi, kuti alendo asamve, "Ndiye tsopano ndi zololedwa?"

Ndinangogwedeza mutu. Anandigwira m'masaya ndi manja onse awiri, n'kunditembenuza nkhope uku ndi uku monga ankachitira ndikadwala malungo. Kenako anauza a Hasina kuti atereke tiyi, n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akufufuza m'sutikesi. Atatuluka, chithunzi chija chinali chitabwerera pa msomali.

Tinakhala mpaka masana. Za chikuto analola, koma anati pansi pake alembe dzina lawo lonse, Abiti Haruna, asalembe kuti mayi wina wake. Anzanga anatulutsa mapepala, amayi a ku thandala anayamba kubwera mmodzimmodzi kuti nawonso ajambulidwe. A Molly anawapatsa amayi wotchi ndi supuni kuti azimenya mbale. Ankabera nthawi. Akaona kuti ine sindinamalize ankayang'ana kumbali ngati sakuona wotchiyo, Alex n'kumadandaula kuti mphindi za ku Senga Bay n'zazitali. Pochoka anamupatsa Alex yemweyo phukusi la usipa. Analandira ndi manja awiri, ndipo Mayankho akuti m'basi pobwerera ku Lilongwe analiika pamiyendo ulendo wonse.

Lachisanu anatchula atatu oti tijambule bukulo, ine, Mayankho ndi bambo wina wa ku Mzuzu. Gulu lonse tagwirizana kuti tizikumana mwezi uliwonse kumajambula limodzi. Ndimayenera kusangalala, ndipo nthawi zina ndikusangalaladi. Koma ndikatseka maso ndikumva amayi akundifunsa ngati ndi zololedwa.

Iwo anandikhululukira ndisanapepese n'komwe. Inu sindikudziwa. Sindikupempha kuti mufulumire. Mundilembere, ngakhale mawu okalipa.

Moni kwa ana.

Ndine mng'ono wanu,
Hidaya


Senga Bay
27 Ogasiti 2023

Hidaya mng'ono wanga,

Waalaikumu salamu. Tinabwerako ku Maganga Lachiwiri. Ndinadziwa kuti ukundidikira, ndinachita dala. Kalata yako iyi sindinawawerengere amayi, ndi yanga.

Za bukulo ndakondwa, sindinama. Ana akuuza aliyense m'mudzi muno kuti agogo awo akhala pa chikuto. Bondo lija lavutanso, Lachinayi ndiwatengera kuchipatala ku Salima kaya afune kaya asafune.

Za kukhululuka, sindinafikepo. Ndiwe mng'ono wanga ndipo pakhomo pano ndi pako, koma mtima wanga si wa amayi, umachedwa.

Pali chimodzi chimene uyenera kudziwa. Dzulo ndinali ndi amayi ku thandala. Mayi wina, uja wa pakamwa wa kuseri kwa mzikiti, anawafunsa pagulu kuti, "Abiti Haruna, nanga zija munatiuza kuti mwana wanu tisamudziwe zinali zotani? Kapena amachita nanu manyazi?" Onse anasiya kutembenuza usipa n'kumamvetsera. Amayi sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Ayi, anali malamulo a kuntchito kwake. Iye ankafuna kubwera kunyumba tsiku lomwe anafika, anamuletsa."

Ine ndinali pomwepo, dengu lili m'manja, ndipo sindinawatsutse.

Mwezi ukatha ubwere wekha, opanda anzako. Ukatsika minibasi usadzere njira ya kuseri. Udzere ku thandala, nthawi imene amayi onse ali pomwepo.

Ndine mkulu wako,
Nafisa